Chikho cha makalabu a handball mu Africa chimakaniriranji kumpoto?

Wapakati10: Akuluakulu, tithandizane. Chaka ndi chaka mpikisano wa amuna wa African Handball Champions League ukatha, chikho chimakwera ndege ya ku Cairo, apo ayi ya ku Tunis. Kodi ndi ndalama zokha, kapena pali china m'kaseweredwe chimene matimu a kunsi kwa Sahara akuphonya? Komanso wina atifotokozere mmene mpikisanowu umayendera, ambiri timausokoneza ndi zikho zina.

Mlondankhani: Tiyambe tachotsa chisokonezocho. Bungwe loyendetsa handball mu Africa ndi CAHB, linakhazikitsidwa mu 1973 ndipo likulu lake lili ku Abidjan. Kumbali ya makalabu lili ndi zikho zitatu. Champions League ndi ya akatswiri a maligi, inayamba mu 1979 ndipo oyamba kuinyamula anali Zamalek a ku Egypt. Cup Winners' Cup ndi ya amene anatenga zikho za m'maiko mwawo. Chachitatu ndi Super Cup, chimene chimagundanitsa matimu amene achita bwino kwambiri pa zikho ziwirizi, ndipo wopambana pamenepo ndiye amaimira Africa ku mpikisano wa makalabu wa dziko lonse, uja kale unkatchedwa IHF Super Globe (IHF ndi bungwe loyendetsa handball pa dziko lonse). Ndiye kutenga Champions League si kufika ayi, pamatsala chitunda china.

Musaifanizire ndi Champions League ya mpira wamiyendo, yosewera pakwanu ndi koyenda kwa miyezi yambiri. Kuno matimu onse amasonkhana mumzinda umodzi kwa masiku pafupifupi 10, kawirikawiri mu Okutobala, amuna ndi akazi nthawi imodzi. Amayamba ndi magulu, kenako ndime zochotsana mpaka fainolo. Ogonja sapakira msanga, amaseweranso kulimbirana malo.

Amene atenga chikhochi kambiri kuposa onse ndi Zamalek, kopitirira ka 10, kuphatikizapo katatu kondondozana mu 2017, 2018 ndi 2019. Pambuyo pawo pali MC Alger ya ku Algeria, imene nthawi ina inkasewera ndi dzina la GS Pétroliers. Al Ahly, nawonso a ku Egypt, anatenga ku Brazzaville mu 2023. Ku Tunisia, Espérance, Club Africain ndi Étoile du Sahel onse analawako. Kwathu kuno kumwera dzina loti tilitchule ndi Primeiro de Agosto ya ku Angola, imene inatenga cha amuna mu 2007.

Wapakati10: Zikomo achimwene. Moti Angola inathekapo?

Mlondankhani: Inatheka. Ndipo kumbali ya akazi ndiye kwawo kwenikweni, Petro de Luanda ndi Primeiro de Agosto akhala akungopatsana chikhocho kwa zaka zambiri.

Kochi Wamkulu: Funso lanu la ndalama ndiliyankhe motere: ndalama zilipo m'nkhaniyi, koma onani kumene zimalowera. Zimalowera pa benchi. Mpikisano wa mumzinda umodzi umatanthauza masewero 6 kapena kuposa pa masiku 10, lililonse la mphindi 60. Timu imaloledwa kulemba osewera 16 pa sewero, m'bwalo mumakhala 7, ndipo kusintha kulibe malire, wotuluka akhoza kubwereranso kambirimbiri. Timu imene ili ndi osewera enieni 8 ndipo ena 8 anangobwera kudzadzaza fomu imaoneka bwino tsiku loyamba ndi lachiwiri. Pofika sewero lachinayi mapewa a oponya akutali atha, miyendo yalemera pobwerera kumbuyo, ndipo zigoli zimayamba kulowa zambiri m'mphindi 15 zomaliza. Mukaona timu ikutsalira ndi chigoli chimodzi popita kokapuma koma n'kudzagonja ndi zigoli 10, musathamangire kunena kuti yafooka mtima. Awerengeni osewera amene mphunzitsi wawagwiritsa ntchito.

Al Ahly kapena Zamalek amakhala ndi anthu awiri odalirika pa malo aliwonse, ndipo wachiwiriyo nthawi zambiri ndi wosewera wa timu ya dziko. M'magulu amagawana mphindi, wina 30 wina 30. Akamafika semifainolo amakhala akadali ndi mphamvu pamene anzawo akumanga mabandeji.

Goloboyi16: Aphunzitsi, ndikugwirizana nanu theka. Benchi inde, koma kusiyana kwakukulu kuli pagolo. Golo la handball ndi mamita 3 m'lifupi, 2 m'mwamba. Goloboyi wabwino amatchinga mipira pafupifupi 3 pa 10 iliyonse yolunjika pagolo, akafika 4 pa 10 ndiye kuti tsiku limenelo wadya bwino. Tiyerekeze kuti magoloboyi onse awiri aponyeredwa mipira 40. Wina watchinga 14, mnzake watchinga 8. Zigoli 6 zimenezo, popanda wina aliyense m'bwalo kuchita chachilendo. Onjezani kuti mpira wotchingidwa bwino ndiye umayambitsa kuthamangira kutsogolo adani asanabwerere, mwina theka la mipira imeneyo imasanduka zigoli mbali inayo.

Ndipo kutchinga si kulimba mtima kokha. Goloboyi ndi otchinga kutsogolo kwake amagawana golo. Woponya wa pa mzere wa mamita 9 akadumpha, wotchinga amakweza manja kutseka ngodya imodzi, goloboyi amatenga inayo. Chimene chimalakwika n'chakuti wotchinga amasintha maganizo ali m'malere, n'kutseka ngodya ya goloboyi, ina ija n'kutsala pululu. Anthu amanyoza goloboyi pamene wolakwa ndi wa kutsogoloyo. Makalabu a kumpoto ali ndi mphunzitsi wa magoloboyi payekha, ndipo usiku amakhala pansi n'kuonera kanema wa oponya a mawa: uyu akapanikizika amaponya kuti, pa penate amakonda mbali iti, wa kuphiko amazunguza mpira kapena amaukweza pamwamba.

Kochi Wamkulu: Palibe chotsutsa pamenepo. Koma goloboyi wachiwiri nayenso ndi benchi, achimwene.

Goloboyi16: Mwandigwira.

Refa wa Kale: Ndiloleni ndilowe ndi mbali imene anthu saikonda. Matimu ambiri obwera koyamba amagonja ndi malamulo asanagonje ndi adani. Ligi ya kwawo imaimbidwa momasuka, kapena oyimbira akugwiritsabe ntchito buku lakale, ndiye akafika ku chikho cha Africa amadabwa wezulo ikulira paliponse.

Chachikulu ndi chilango chotulutsidwa m'bwalo kwa mphindi ziwiri. Mu handball kugwirana kulipo ndithu, koma kutsogolo kwa mdani, chifuwa ndi chifuwa, mikono yopinda. Ukamugwira kuchokera kumbuyo kapena m'mbali, ukamukankha ali m'malere, ukamukoka mkono woponyera kapena dzanja lako likafika kukhosi ndi kumaso, chilango chimakwera. Khadi yachikasu wosewera amapatsidwa kamodzi kokha, ndipo timu yonse siyenera kupitirira atatu. Zikatha zimenezo ndi mphindi ziwiri basi, ndipo pa zolakwa zina woyimbira amapereka mphindi ziwirizo ngakhale m'mphindi yoyamba ya sewero popanda kuchenjeza. Wosewera akatulutsidwa kachitatu, ndi khadi yofiira. Timu imene yalandira zilango 7 yasewera mphindi 14 yoperewera munthu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sewero lonse. Simungapirire zimenezo pamaso pa Espérance.

Chachiwiri ndi kuchedwetsa sewero. Woyimbira akakweza dzanja kuchenjeza kuti simukusonyeza cholinga choponya pagolo, mumatsala ndi mapasi 4 okha. Mu 2016 anali 6, mu 2022 anawatsitsa. Pasi yachinayi ikafika, wolandirayo aponye. Mfundo zimene ambiri sazidziwa ndi izi. Mukaponya mpira n'kugunda wotchinga n'kubwerera kwa inu, imeneyo imawerengedwa ngati pasi. Chenjezo limafufutika mpira ukagunda goloboyi kapena chitsulo cha golo n'kubwerera kwa inu, kapenanso wotchinga akalandira chilango. Mukachitiridwa faulo mapasi 4 atatha kale, mumaloledwa pasi imodzi yowonjezera poyambitsanso sewero. Timu yokonzeka imakhala ndi njira imodzi kapena ziwiri zimene inayeserera za nthawi imeneyi, kawirikawiri anthu awiri kuima ngati khoma pa mzere wa mamita 9 kuti woponya wamphamvu adumphe kumbuyo kwawo. Timu yosakonzeka imangoyang'anana mpaka wezulo.

Wapakati10: Bambo Refa, nanga khadi yabuluu ija ndi ya chiyani? Ena amati ndi yoposa yofiira.

Refa wa Kale: Siyiima payokha. Woyimbira amayamba waonetsa yofiira, kenako yabuluu, kutanthauza kuti alemba lipoti ndipo komiti yosunga mwambo ikhoza kuwonjezera chilango. Yofiira yokha imathera pa sewero lomwelo, timu imaperewera munthu kwa mphindi ziwiri kenako wina amalowa. Yabuluu mu mpikisano wa masiku 10 ndi yowawa, chifukwa munthu wanu akhoza kuphonya sewero la mawa lomwe.

Pali lamulo linanso la masekondi 30 omaliza. Kale timu yotsogola ndi chigoli chimodzi inkangogwetsa munthu kapena kugwira mpira kuti nthawi ithe. Tsopano ukaletsa adani kuyambitsa sewero m'masekondi amenewo, kapena ukachita faulo yoyenera khadi yofiira, ndi yofiira pamodzi ndi penate ya pa mamita 7, ngakhale zitachitikira pakati pa bwalo.

Mayi wa pa Tebulo: Poti mwatchula malamulo, ndiwonjezere za patebulo, chifukwa zilango zina zimachokera kwa ife osunga nthawi osati kwa oyimbira. Malo osinthira osewera ndi mamita 4.5 kuchokera pa mzere wapakati, mbali ya benchi yanu. Wotuluka adutse mzere wa m'mbali mkati mwa malo amenewo, ndipo adutse kaye wolowayo asanaponde m'bwalo. Phazi limodzi likatsogola, tebulo limaimitsa sewero ndipo wolakwayo amakhala pansi mphindi ziwiri. Zimachitika kwambiri pamene timu ikusintha anthu awiri nthawi imodzi, kapena pamene goloboyi akuthamangira kubwerera pagolo.

Za kupuma kwa timu: makhadi obiriwira ndi atatu pa sewero, mphindi imodzi iliyonse. Simungagwiritse ntchito oposa awiri m'chigawo chimodzi, ndipo m'mphindi 5 zomaliza mumaloledwa imodzi yokha. Mumapempha pokhapokha mpira uli m'manja mwanu. Aphunzitsi ena amasunga makhadi awiri kuti adzagwiritse ntchito kumapeto, n'kudzapeza kuti imodzi yapita pachabe.

Wosewera akavulala n'kuthandizidwa ndi adokotala m'bwalo momwemo, amatuluka ndipo sabwerera mpaka timu yake itaukira katatu. Kupatula ngati amene wamuvulaza walandira chilango, kapena ngati ndi goloboyi amene wamenyedwa ndi mpira kumutu. Tebulo ndi limene limawerenga. Choncho chizolowezi chogona pansi kuti anzako apume chimakudyera wekha.

Kochi Wamkulu: Mayi mwakhudza pamene ndimafuna kufika. Kusintha anthu pakati pa kuukira ndi kutchinga ndi kumene matimu a kumpoto amaphera anzawo masiku ano. Kuyambira 2022 pakati pa bwalo pali bwalo laling'ono lozungulira, mamita 4 kudutsa pakati pake. Timu ikagoletsedwa, goloboyi amatola mpira muukonde n'kuuponya kwa mnzake amene akuthamangira m'kabwaloko, woyimbira amaliza wezulo, ndipo munthuyo sayeneranso kuima chilili ataponda mzere ngati kale, amapitiriza liwiro lake. Sadikira kuti ogoletsa abwerere mbali yawo. Ndiye taganizani: mwagoletsa, wakuphiko wanu akadali pansi m'dera la goloboyi, woponya wanu wamkulu akuthamangira ku benchi kuti katswiri wotchinga alowe, awiri akuwomberana m'manja. Masekondi 6 asanathe mpira uli muukonde mwanu. Chigoli chimene munachivutikira kwa mphindi yathunthu chabwezedwa musanapume.

Mankhwala ake ndi osavuta kunena. Musasinthe anthu oposa mmodzi pokhapokha sewero litaima. Wosinthidwayo akhale amene amasewera mbali ya benchi, osati wa tsidya linalo amene ayenera kudutsa mamita 20. Ena asanu abwerere kaye ndi kuima pa mzere wa mamita 6 mmene afikira, aliyense pa mpata umene wapeza, adzakonza malo awo mpira ukaima. Ndipo woponya wanu wamkulu aphunzire kutchinga ngakhale pang'ono, kuti akalephera kutuluka asakhale chibowo.

Chala Chamanzere: Nkhani ya anthu amanzere bwanji simukuitchula? Mbali yakumanja ya bwalo imafuna amanzere awiri, wakuphiko ndi woponya wakumbuyo, chifukwa dzanja loponyera limakhala cha mkati ndipo golo limatseguka. Ukaika wamanja kumeneko amaponya thupi litapindika, ngodya yachepa, goloboyi amangotseka chitsulo chapafupi. Otchinga akadziwa kuti kumanja kwanu kulibe choopsa amasunthira onse kumanzere ndipo woponya wanu wabwino uja amakumana ndi anthu awiri nthawi zonse. Zamalek anadya bwino zaka zambiri ndi Ahmed El-Ahmar pamalo amenewo, ndipo pambuyo pake anatulutsa Yahia Omar, wamanzerenso, amene anapita ku Veszprém ku Hungary. Amanzere sapezeka mwangozi, amafunidwa m'sukulu akadali ana.

Mlondankhani: Ndipo kumeneko ndiye kuli muzu. Egypt inatenga chikho cha dziko lonse cha anyamata osapitirira zaka 21 mu 1993, ndi cha osapitirira zaka 19 mu 2019. Timu yawo yaikulu inathera pa nambala 4 pa dziko lonse mu 2001 ndiponso pa Olimpiki ya ku Tokyo. Tunisia inafika pa nambala 4 mu 2005 ili pakwawo. Mu 2024, mpikisano wa makalabu a dziko lonse utachitikira ku Egypt, Al Ahly anagonjetsa Barcelona polimbirana nambala 3. Ndiye timu yochokera ku ligi ya masewero owerengeka pa chaka ikamakumana ndi Al Ahly, ikukumana ndi anthu amene muyezo wawo ndi Barcelona ndi Magdeburg ya ku Germany.

Onaninso eni ake a makalabuwa. Al Ahly, Zamalek ndi Espérance ndi makalabu a masewero ambiri, handball imadyera limodzi ndi mpira wamiyendo. GS Pétroliers inali pansi pa kampani ya mafuta ya Sonatrach, Petro de Luanda ili ndi kampani ya mafuta ya Sonangol kumbuyo kwake, Primeiro de Agosto ndi ya asilikali, FAP ya ku Yaoundé ndi ya asilikali ndi apolisi. Wosewera amene ali pa malipiro amachita masewero olimbitsa thupi m'mawa, a mpira madzulo. Ku Malawi njira imeneyi tikuidziwa kale ku mpira wamiyendo ndi matimu ngati Moyale, Kamuzu Barracks ndi Blue Eagles.

Wapakati10: Tsono tinene kuti kalabu ya kuno ku Zone 6, chigawo cha CAHB cha kumwera kwa Africa, ya ku Malawi kapena ku Zambia, yafuna kudzapita tsiku lina. Iyambire pati?

Kochi Wamkulu: Iyambire pa tepi yoyezera. Bwalo la handball ndi mamita 40 m'litali, 20 m'lifupi, kuphatikizapo malo opanda kanthu osachepera mita imodzi m'mbali ndi mamita awiri kumbuyo kwa magolo, ndiye mukufuna malo a 44 ndi 22. Bwalo la netball ndi 30.5 ndi 15.25, la basketball ndi 28 ndi 15. Timu yozolowera mabwalo amenewa imakula ndi matenda awiri. Loyamba, sidziwa kuthamanga mtunda weniweni, mamita 10 osowawo kupita ndi kubwera maulendo 50 pa sewero ndi ambiri. Lachiwiri, m'lifupi mukachepa otchinga 6 amadzaza mzere wonse osasuntha, ndiye amaganiza kuti amatha kutchinga. Akafika pa mamita 20 mipata imatseguka ndipo mapazi sanaphunzire kuyenda cham'mbali. Ngati pali bwalo la futsal, tengani limenelo, kukula kwake n'kofanana ndipo magolo ndi omwewo.

Pojambula mizere anthu amalakwitsa dera la goloboyi, amalijambula ngati theka la bwalo lozungulira kuchokera pakati pa golo. Si choncho. Mangani chingwe cha mamita 6 pa ngodya ya mkati chakumbuyo ya chitsulo chilichonse, jambulani kota ya bwalo mbali iyi ndi mbali iyo, kenako lumikizani ndi mzere wowongoka wa mamita 3 kutsogolo kwa golo. Wa mamita 9 chimodzimodzi, koma woduladula. Mzere wa penate ndi wautali mita imodzi pa mamita 7, ndipo kachizindikiro ka goloboyi ndi masentimita 15 pa mamita 4. Mizere yonse ndi masentimita 5 kunenepa kwake, kupatula wa pakati pa zitsulo umene ndi 8. Mukalakwitsa dera lija, akuphiko anu amaphunzira ngodya yabodza.

Chala Chamanzere: Ndipo simenti imawononga akuphiko. Pa bwalo la m'nyumba wakuphiko amadumphira mkati, cha ku mzere wa mamita 7, n'kuchedwetsa mpira m'dzanja mpaka goloboyi atasuntha, kenako amagwera pachifuwa n'kutsetsereka. Pa simenti palibe amene angayerekeze, chigongono chingatsale pomwepo, ndiye amadumphira m'mwamba n'kuponya msanga kuti atere ndi mapazi. Ngodya imakhala yaing'ono ndipo goloboyi wodziwa amangoima. Ngati bwalo la m'nyumba palibe, ikani matiresi akale awiri m'dera la goloboyi pophunzitsa kugwa.

Goloboyi16: Musaiwale mpira weniweniwo. Wa amuna ndi saizi 3, masentimita 58 mpaka 60 kuzungulira, magalamu 425 mpaka 475, ndipo pa mlingo umenewu amasewera ndi utomoni uja osewera amangoti resin. Amene sanaugwiritsepo ntchito amavutika masiku oyamba. Mpira umachedwa kuchoka m'dzanja, ndiye mapasi amagwera kumapazi ndipo zoponya zimapita pansi. Ena amapaka dzanja lonse ngati ulimbo wa mbalame, pamene umafunika kunsonga za zala zokha. Wosungira amaumata pa nsapato, pa dzanja kapena pamkono saloledwa. Kwa goloboyi ndiye nkhani ina, chifukwa mpira wa utomoni umazunguzidwa, umagunda pansi n'kukhotera mkati. Amene sanauonepo amautsatira kumene ukuoneka kuti ukupita, n'kuupeza uli kumbuyo kwake. Timu igule utomoni miyezi itatu isananyamuke, osati kukauona koyamba pa tsiku lotsegulira. Pochotsa m'manja mafuta odzola a ana amathandiza, sopo yekha sachotsa.

Mayi wa pa Tebulo: Za mapepala nazonso, chifukwa timu ikhoza kugonja isanavale yunifolomu. Kalabu silembetsa yokha, imadutsira ku bungwe la handball la dziko lake. Wosewera wochokera ku bungwe la dziko lina amafunika chikalata chosamutsira cha IHF, popanda chimenecho ndi wosaloledwa ndipo sewero limene wasewera likhoza kulandidwa. Mpikisano usanayambe pamakhala msonkhano wa atsogoleri a matimu kumene amaona mapasipoti, mndandanda wa maina ndi manambala, ndi mitundu ya yunifolomu. Tengani mitundu iwiri, yowala ndi yakuda, ndipo magoloboyi akhale ndi mitundu yawo yosiyana ndi osewera a matimu onse awiri komanso goloboyi wa adani. Nambala imene munthu walembetsa ikhale yomweyo pa malaya onse.

Mpikisano ukakhala ku maiko ngati Congo kapena Côte d'Ivoire pamafunika khadi ya katemera wa yellow fever, ndipo imayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 chibayireni. Kubayitsa timu Lachisanu ulendo uli Lolemba ndi kutaya matikiti. Mutengenso munthu wolankhula Chifalansa, zambiri za CAHB zimayenda m'chinenero chimenecho. Powerengera ndalama, osewera 16 ndi akuluakulu 5 ndi anthu 21. Masiku 12, kuphatikizapo lofika ndi lonyamuka, ndiye kuti mukulipira malo ogona ndi chakudya ka 252, musanawerengere ndege.

Wapakati10: Apa ndiye zaonekeratu chifukwa chake matimu ambiri amene amabwera amakhala a maiko oyandikana ndi kumene kukuchitikira mpikisano.

Refa wa Kale: N'zoona. Ndiwonjezere kanthu kena ka m'magulu kamene kamapweteka matimu. Kupambana ndi mapointi awiri, kufanana mphamvu ndi imodzi. Pa malamulo a mipikisano ya IHF, matimu akafanana mapointi sayamba n'kuona zigoli za gulu lonse, amayamba ndi masewero a pakati pa ofananawo. Tiyerekeze A yagonjetsa B 30-25, B yagonjetsa C 28-27, C yagonjetsa A 26-24, ndipo onse agonjetsa D. Pakati pawo A ili ndi +3, C ili ndi +1, B ili ndi -4. B ikhoza kukhala kuti inathira D zigoli 20 zosiyana, sizithandiza. Chimene chaipha ndi mphindi zomaliza za sewero la A, pamene inaona kuti yagonja kale n'kulekerera zigoli zinayi zaulere. Werengani malamulo a mpikisano umene mwapitawo tsiku la msonkhano lija, ndipo wina pa benchi akhale ndi pepala la masamu amenewa.

M'ndime zochotsana mukafanana mphamvu, pamakhala kupuma kwa mphindi 5 kenako zigawo ziwiri za mphindi 5. Malamulo a mpikisano ndiwo amanena ngati pakhale nthawi yowonjezera yachiwiri kapena mupite ku mapenate, asanuasanu. Amene ali pa chilango cha mphindi ziwiri nthawi ikamatha saponya nawo.

Wapakati10: Funso lomaliza kwa aphunzitsi. Timu yaing'ono ikakumana ndi zimphonazi, itchinge motani? Ndipo zochotsa goloboyi n'kulowetsa wosewera wa 7 zingathandize?

Kochi Wamkulu: Zimatengera matupi amene muli nawo. 6-0, onse pa mzere wa mamita 6, imafuna anthu anayi apakati ataliatali ndi goloboyi wogwirizana nawo. Ngati anthu anu ndi aafupi, oponya a mamita awiri amangoponya pamwamba pa mitu yawo. Pamenepo 5-1 ndi yabwino, mmodzi wothamanga amatsogola kukasokoneza wapakati wa adani kuti mpira usamayende mwaufulu. 3-2-1, yoima m'mizere itatu ya anthu atatu, awiri ndi mmodzi, imaba mipira yambiri koma imadya mphamvu koopsa ndipo imasiya mpata waukulu kwa pivoti, uja wa adani amene amaima pakati pa otchinga pa mzere wa mamita 6, ndiye pa masiku 10 ndi benchi yochepa igwiritseni ntchito mphindi 5 kapena 10 zokha, mwadzidzidzi, monga pongochokera kopuma.

Poukira, chepetsani liwiro la sewero. Timu yamphamvu imafuna maulendo ambiri chifukwa ulendo uliwonse mwayi uli kwa iyo. Inu gwirani mpira mpaka dzanja la woyimbira litatsala pang'ono kukwera, ndipo malizani ndi kuponya pagolo, ngakhale kupite kunja. Mpira wopita kunja umakupatsani masekondi obwerera. Mpira wobedwa pa pasi yopingasa ndi chigoli chaulere.

Za wosewera wa 7: kuyambira 2016 safunikanso kuvala malaya a goloboyi, aliyense akhoza kulowa ndipo aliyense akhoza kutuluka kuti goloboyi abwerere. Pa 7 kwa 6 mumaika mapivoti awiri ndipo penapake pamatsala munthu wopanda womugwira. Koma golo lili pululu, ndipo palibe wosewera wa m'bwalo amene amaloledwa kulowa m'dera la goloboyi kukatchinga, akatero ndi penate. Ndiye musanayambe, gwirizanani amene atuluke, akhale wa mbali ya benchi, ndipo anyamuke mpira ukangochoka m'dzanja la woponya, asadikire kuona ngati walowa. Timu imene imataya mipira 15 pa sewero isayerekeze. Pamene ndingalimbikitse ndi pa chilango cha mphindi ziwiri, kuchotsa goloboyi kuti muukire 6 kwa 6 m'malo mwa 5 kwa 6.

Goloboyi16: Ndipo goloboyi wotulukayo asakhale pansi. Aime pamphepete penipeni pa malo osinthira, maso kwa amene akutuluka osati ku mpira. Kuchokera pamenepo kukafika pagolo ndi mamita oposa 15, ndipo magoloboyi a kumpoto amatha kuponya kuchokera m'dera lawo mpaka muukonde wa tsidya linalo.

Mayi wa pa Tebulo: Aime, koma phazi likhale kunja kwa mzere mpaka mnzakeyo atadutsa. Tebulo limakhala likuyang'ana pomwepo.